Kuphunzitsa aphunzitsi za chilengedwe kuno ku Harare: yambirani pa mpopi

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene a hedi akupatsani ntchito yoti musonkhanitse anzanu pa sukulu n'kuwaphunzitsa za chilengedwe ndi mmene dziko lathuli limayendera, ndati ndilembe ndondomeko yomwe ndimatsata chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa tikakumana ku tchalitchi olo pa maliro, nde poyankha chiimirire munthu sumaliza bwinobwino. Ine ndine mdzukulu wa machona, agogo anachokera ku Dedza kalekale, ndinakulira ku Mufakose ndipo ndagwira choko zaka zambiri ndithu, pano Loweruka lina ndimakhala ndi kagulu ka aphunzitsi a pulayimale ndi ena a fomu 1 ndi fomu 2 mu holo ya tchalitchi.

Vuto lomwe ndimaliona ndi ili. Buku limagawa dziko panayi, mpweya pawokha, madzi pawokha, miyala ndi nthaka pazokha, zamoyo pazokha, mphunzitsi amaloweza mayina anayi achingerezi aja n'kuwalemba pa bolodi, ana n'kukopera, mayeso n'kukhoza, koma mwana yemweyo mukamufunsa chifukwa chake chitsime cha kwawo ku Budiriro chimauma mu Okutobala amangokuyang'anani. Zinthu zinayi zimenezi ndi nkhani imodzi, ndipo njira yomwe yandithandiza kuti mphunzitsi aione nkhaniyo ndi yotsatira madzi, kuchokera pa denga la kalasi mpaka abwererenso pa mpopi. Tsiku lonse la wekishopu limazungulira pamenepo basi.

Choyamba ndi kukonzekera, ndipo apa sipafunika bajeti yoopsa ayi. Kutatsala sabata auzeni aphunzitsiwo kuti aliyense abwere ndi mabotolo awiri apulasitiki a malita 2, rula, kope lakale, ndi dothi la pakhomo pawo lodzadza kapepala ka shuga, alembepo dzina la dera lomwe alitapa. Inuyo mupeze choko chamitundu, mpeni wakuthwa, ulusi wolukira juzi mpukutu umodzi, siponji yotsukira mbale, sopo ndi ndowa ziwiri za madzi. Anthu asapitirire 20, akachuluka ena amangokhala kumbuyo ndi mafoni. Ndipo chonde pitani pa malopo dzulo lake mukayende mozungulira, muone komwe madzi a padenga amagwera, komwe ngalande yalowera, pomwe pakumbika kachigwembe, chifukwa zimenezo nde zipangizo zanu zenizeni.

Chachiwiri, tsiku lafika, musayambe ndi matanthauzo. Mukatha pemphero ndi malonje funsani funso limodzi lokha, madzi amene mwamwa m'mawa uno achokera kuti, nanga amene mwasambira apita kuti? Apatseni mphindi zisanu akambirane awiriawiri. Ena ati ku mjigo, ena ku chitsime, ena ati tinagula kwa a mabauza, magalimoto ogulitsa madzi aja, ochepa ati pa mpopi. Kenako kankhirani mabenchi kukhoma, mugwade pansi ndi choko n'kujambula mapu a Harare pa simenti pomwepo, akuluakulu oti munthu n'kuyendamo. Kum'mawa ikani Cleveland Dam komwe mtsinje wa Mukuvisi umayambira, muukoke kudutsa cha ku Mbare kutsikira kumwera chakumadzulo mpaka ukakumane ndi Manyame. Jambulaninso Marimba wodutsa ku dambo la Monavale kutsika cha kwathu ku Mufakose, ndi Nyatsime wochokera ku Chitungwiza. Yonseyi ikathere mu Lake Chivero, damu lomwe linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, kale ankati Lake McIlwaine. Tsopano aliyense akaime pomwe pali kwawo.

Akaima choncho nde muike zinthu ziwiri zomaliza. Malo oyeretsera suweji a Firle omwe madzi ake amatsikira mu Mukuvisi ndi a Crowborough omwe amatsikira mu Marimba, kenako Morton Jaffray pafupi ndi damu, komwe amayeretsa madzi akumwa n'kuwapopa kukwezanso mtunda kubwerera mu tawuni. Jambulani muvi wobwererawo ndi choko chofiira ndipo mukhale kaye chete, musafulumire kufotokoza. Nthawi zonse pamapezeka mmodzi amene amayamba kuona, tsiku lina amayi ena achikulire ophunzitsa giredi 4 anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti tikumwa zomwe tataya tokha?" Eya, ndi momwemo. Harare inamangidwa kumtunda kwa damu lake lomwe, ili pamwamba mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, chilichonse chomwe tataya mu ngalande chimatsetsereka kupita komwe timatunga. Mphunzitsi akaona zimenezi ndi mapazi ake ataima pa mapu, mawu oti zinthu za chilengedwe n'zolumikizana safunikanso kumuloweza.

Apa ndimakhalitsapo ndithu chifukwa nkhani zambiri za mu silabasi zimatulukira pomwepa zokha. Suweji ndi feteleza wokokoloka m'minda zili ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, chomwe ndi chakudya cha zomera, nde zikafika mu damu namasupuni uja timamudziwa wa mu Shire amaphukira mpaka kuphimba madzi, ndere nazo zimachuluka madzi n'kusanduka obiriwira ngati supu wa chisoso, zikafa n'kumaola tizilombo toziwoletsa timamaliza okosijeni wa m'madzi nsomba n'kumafa. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku paki ya ku Chivero zitamwa madzi okhala ndi ndere zapoizoni, aphunzitsi ambiri anamva nkhaniyo pa wailesi koma sanailumikize ndi paipi yophulika ya kuseri kwa nyumba yawo. Kolera naye alowe pomwepa, wa 2008 mpaka 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, wa 2018 anayambira ku Glen View ndi Budiriro. Nkhani imeneyi muiyankhule mofatsa, m'gulumo mumakhala anthu amene anaika abale awo m'manda nthawi imeneyo.

Chachitatu, pangani choyezera mvula, aliyense chake ndi manja ake, osati inu kupanga iwo akuonerera. Dulani botolo pomwe phewa lake lathera, pomwe layamba kuwongoka. Pansi pa botolo pamakhala mabampu nde thiranimo timiyala pang'ono n'kuthira madzi mpaka apitirire mabampuwo, pamenepo lembani mzere, ndiye ziro wanu. Chidutswa chakumutu chija chotsani chitsekerero, muchitembenuze n'kuchilowetsa ngati fanulo, chimathandiza kuti madzi asamauluke ndi dzuwa. Matani rula kunja, ziro wa rula agwirizane ndi mzere uja. Kukamwa kwa fanulo kukhale kofanana kukula ndi thupi la botolo, mukasiyanitsa manambala anu onse anama. Chiikeni pabwalo poyera kutali ndi denga ndi mitengo, muchikwirire pang'ono kapena kuchimangirira ku chikhomo kuti mphepo ndi agalu asagwetse, muziwerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, mukawerenga n'kutaya madzi kubwezera pa ziro.

Chikatha chitani nawo samu iyi, ndi imene imawatsegula maso kuposa china chilichonse. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse. Tulukani ndi tepi kapena chingwe mukayeze kalasi, tinene kuti denga ndi mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi, ndiye masikweya mita 80. Kukagwa mvula ya mamilimita 25 usiku umodzi, dengalo lalandira malita 2,000, migolo 10 ya malita 200. Harare imalandira mamilimita cha m'ma 800 pa chaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, nde denga limodzi lomwelo ndi malita 64,000. Asiyeni awerengetse okha, kenako muwafunse kuti madzi onsewo amapita kuti pomwe ana akusenza zigubu kuchokera kunyumba kuti adzathire mu toileti ya sukulu.

Funso limenelo likutengerani ku chachinayi, nthaka. Yalani timapepala ta dothi tija pa tebulo motsata madera. Muona nokha kuti la ochokera kumpoto kwa tawuni nthawi zambiri ndi katondo wofiira, la kumwera ndi kum'mawa ngati ku Epworth ndi Chitungwiza ndi lamchenga lotuwa, amene watapa m'dambo wabweretsa makande akuda omata. Aliyense anyowetse pang'ono afikise pa zala, ayese kuumba kasoseji, lamchenga limakana, makande amapindika mpaka kupanga mphete. Kenako thirani dothi mu botolo kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, dzadzani madzi, khutchumulani kwambiri n'kuliika pawindo. Mchenga umakhazikika mu mphindi imodzi, dothi losalala lapakati limatenga maola angapo, dongo limatha tsiku olo kuposa madzi akadali a mbuu. Pofika nthawi ya nkhomaliro mizere yayamba kuoneka.

Chifukwa chake dothi likusiyana ndi mwala womwe uli pansi. Kumwera kuli granite, uja mumamuona ku miyala yosanjikizana ya ku Epworth yomwe inali pa ndalama zathu, ndi ku Domboshava. Granite ali ndi timiyala tonyezimira tolimba tomwe sitisungunuka msanga, akafumbutuka timatsala ngati mchenga. Ndipo miyala ya ku Epworth ija palibe anaisanja, madzi ankalowa m'ming'alu mwala ukadali pansi pa nthaka n'kumadya m'makona pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni, dothi lozungulira litakokoloka panatsala mabulungwa aja atakhalirana. Mukatero mwaphunzitsa kufumbutuka kwa miyala ndi chinthu chomwe mwana wa ku Epworth amachiona popita ku sukulu.

Musatuluke pa nthaka musanachite za mabotolo atatu. Dulani mabotolo atatu chamulitali akhale ngati timabwato, mudzadze dothi lofanana, loyamba lisiyeni lambulanda, lachiwiri phimbirani ndi masamba ouma, lachitatu ikanimo chigamba cha kapinga chomwe mwachisepula ndi mizu yake. Apendeketseni mofanana pa njerwa, pakamwa pa lililonse ikani kapu yoonekera mkati, nde thirani madzi ofanana kudzera mu chitini chobowola. Kapu yoyamba imadzadza msanga ndi matope, yachitatu imadontha mochedwa madzi ake oyererako. Kenako tengani siponji muiike pa mbale yopendekeka, thirani madzi, muone mmene ikuwagwirira n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, chotsani siponjiyo muthirenso pa mbale yokha. Siponji ndi dambo, anzathu achishona amati matoro. Dambo limamwa mvula ya dzinja, limasefa zinyalala, n'kumadyetsa mtsinje ndi zitsime mpaka chilimwe. Mukamangapo nyumba ndi kuwaka simenti madzi amathamanga tsiku limodzi, nyumba zakumunsi n'kusefukira mu Januwale, zitsime n'kuuma mu Okutobala. Dambo la Monavale, Cleveland Dam komanso Chivero ndi Manyame zili m'gulu la malo asanu ndi awiri a dziko lino omwe analowa pa mndandanda wa Ramsar mu 2013, pangano loteteza madambo lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, ndipo tsiku lokumbukira madambo ndi 2 Febuluwale, teremu yoyamba ili mkati dambo lili lodzadza, nthawi yabwino yotulutsa ana.

Chachisanu n'kutuluka panja. Ngati ndalama ya kombi ilipo pitani ku Monavale kapena ku Mukuvisi Woodlands komwe kudakali nkhalango ya miombo ndi mitengo ya msasa, koma muyambe mwalumikizana ndi oyang'anira malowo. Ngati palibe, kamtsinje kapena ngalande yapafupi ndi sukulu ikukwanira, ola limodzi basi. Aliyense alembe zomwe waona, mtundu wa madzi, fungo, zomera, pomwe gombe lagumuka, munda wayandikira mamita angati. Apa ndikuuzeni zomwe ndinalakwitsa ine poyamba kuti inu musabwereze, ndinalola aphunzitsi kutunga madzi a mumtsinje ndi manja opanda magolovesi chonsecho chakumtunda kunali suweji ikutuluka, ndinasowa tulo sabata yonse kuopa kuti wina adwala. Pano lamulo langa ndi loti palibe kulowa m'madzi, wotunga ndi mmodzi wovala magolovesi ndi majombo, botolo limangidwe ku ndodo, tikabwerako aliyense asambe m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya. Likodzo nalonso lilipo m'madzi odekha. Mphunzitsi zomwe waona inu mukuchita ndi zomwe akachite ndi ana 50.

Pali nkhani ina yofunika kuikamba poyera pa ulendowu. Lamulo la dziko lino limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje, a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amalikumbutsa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chake mwachiona kale pa mabotolo atatu aja. Koma ana ambiri m'makalasi mwathu nsima yawo imachokera m'timinda ta m'dambo tomweto, amayi awo ndi amene amalima, enanso ndi azakhali athu enieni. Auzeni aphunzitsi kuti asakaime kutsogolo n'kumati olima m'dambo ndi owononga, mwana amangoweramitsa mutu ndipo phunziro lathera pomwepo. Afunse anawo kuti tingatani kuti chimanga chipezeke koma gombe lisagumuke, ana amatchula okha zosiya udzu ndi bango m'mbali mwa madzi, zophimbira nthaka ndi mapesi, zothira manyowa m'malo mochulutsa feteleza.

Chachisanu ndi chimodzi, mukabwerera mu holo konzani zolakwika zomwe aphunzitsi ambiri ali nazo m'mutu, ndipo muchite mwaulemu chifukwa nawonso anaphunzitsidwa choncho. Ine ndimagawa timapepala aliyense alembe yankho popanda dzina. Funso loyamba, n'chifukwa chiyani mu Juni kumazizira? Ambiri amati dziko limakhala litatalikira dzuwa. Chosokoneza n'choti ndi zoona dziko limayandikira dzuwa kumayambiriro kwa Januwale n'kutalikira kumayambiriro kwa Julayi, nde kwa ife akumwera zimaoneka ngati zikugwirizana, koma afunseni kuti nanga bwanji abale athu ku London amakhala akunjenjemera mu Januwale momwemo? Chimene chimabweretsa nyengo ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri 23.5. Bayani lalanje ndi kamtengo, lipendeketseni, muzungulire nalo tochi ya foni osasintha komwe kamtengo kaloza, aona okha mbali yomwe kuwala kukugunda mwachindunji. Zikaninso ndodo pabwalo la sukulu ana aziyeza chithunzithunzi chake dzuwa lili paliwombo sabata iliyonse, kuno ku Harare chimatsala pang'ono kusoweratu chapakati pa Novembala ndi kumapeto kwa Januwale, mu Juni chimatalika kuloza kumwera.

Cholakwika china n'chosakaniza kubowoka kwa ozoni (mpweya wa kumwamba womwe umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa) ndi kutentha kwa dziko, ambiri amaphunzitsa kuti kumwamba kunabowoka nde dzuwa likulowera pabowopo. Ndi nkhani ziwiri. Ya ozoni inabwera ndi mipweya ina ya m'mafiriji ndi m'zopopera, maiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti aisiye ndipo ozoni akubwerera pang'onopang'ono. Kutentha kwa dziko kukubwera ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi kuotcha nkhalango, womwe umagwira kutentha kochokera pansi ngati bulangete, mafakitale asanayambe unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni, pano wadutsa 420.

Mukatha apo tulutsani ulusi uja. Aphunzitsi aime mozungulira, aliyense agwire pepala lolembedwa chinthu chimodzi, nyanja ya Pacific, mvula, Zambezi, Kariba, magetsi, nkhuni, msasa, nthaka, Mukuvisi, Chivero, mpopi, mwana wa sukulu. Yambani ndi El Niño, madzi a pamwamba pa Pacific chapakati ndi kum'mawa akatentha kuposa masiku onse mphepo zimasintha, kuno kumwera kwa Africa mvula n'kuchepa, ngati dzinja la 2023 mpaka 2024 pomwe Malawi inalengeza za ngozi ya chilala mu Malichi 2024, Zimbabwe mu Epulo. Wogwira Pacific aponye mpukutu kwa amene akuona kuti akhudzidwa, atagwira nsonga, ndipo anene chifukwa chake. Mvula yachepa, Zambezi watsika, Kariba alibe madzi okwanira opukusira makina, magetsi akuzima tsiku lonse, amayi akugula nkhuni ndi makala, msasa ukugwa, nthaka yatsala lambulanda, mvula yoyamba ija ya chizimalupsa ikukokolera dothi mu mtsinje, damu likudzadza matope. Pomaliza ulusi wapingasa holo yonse ngati ukonde wa kangaude, nde uzani mmodzi akoke mbali yake, afunseni ndani wamva kukoka.

Chachisanu ndi chiwiri, ola lomaliza ndi lawo. Agaweni anayianayi, gulu lililonse lisankhe chimodzi mwa zomwe tachita likaphunzitse anzawo kwa mphindi 10 ngati kuti ndi ana a giredi yomwe amaphunzitsa, ndi zipangizo zomwe zili pomwepo. Aloleni kusakaniza Chishona, Chichewa ndi Chingerezi, mayeso a boma a ZIMSEC adzabwera m'Chingerezi inde koma mwana ayambe wamvetsa chinthucho m'chilankhulo cha kunyumba, mawu a mayeso abwere pambuyo. Chichewa chathu chili m'gulu la zilankhulo 16 zomwe malamulo a dziko lino a 2013 amazivomereza, ndipo mawu ngati katondo, makande, dambo, chigwembe agogo athu anabwera nawo atawasiyanitsa kale bwinobwino. Pomvetsera muziona chinthu chimodzi, kodi mphunzitsiyu wafunsa funso ana asanagwire chipangizo, kapena wanena yankho kenako n'kuonetsa? Ambiri amathamangira kunena yankho, muwabweze ayambirenso.

Asanabalalike aliyense alembe pa pepala chinthu chimodzi chomwe akachite m'masabata awiri akubwerawa ndi tsiku lake, pepalalo lisale ndi inu. Popeza silabasi yatsopano yomwe inayamba mu 2024 inachotsa CALA, ntchito zija ana ankachita mkati mwa chaka zopatsidwa malikisi, n'kuika mapulojekiti a pa sukulu, kope la mvula kapena mapu a ngalande za pa sukulu ndi pulojekiti yokwana kale, sizifuna kholo kugula kanthu. Tsegulani gulupu ya WhatsApp yoti m'mawa uliwonse aziponyamo nambala ya mamilimita ndi dzina la dera basi, pakatha mwezi muona Mabvuku yalandira 30 tsiku lomwe Dzivarasekwa yalandira 4, ndipo ana amayamba kufunsa okha chifukwa chake. Pakatha mwezi ndi theka yenderani masukulu awiri kapena atatu, musapemphe sikimu kapena lesoni pulani, pemphani kope la mvula muone ngati manambala alembedwa ndi dzanja la mwana, kenako mwana yemweyo akutengereni pomwe pali botolo akuonetseni mmene amabwezera madzi pa ziro.